Mabisiketi a koko osalowa mu uvuni: zoyenera ndi zosayenera ku Chigwa cha Shire

Kapepala ka kapangidwe ka mabisiketi a koko osalowa mu uvuni kamapezeka m'mabanja angapo kuno kumunsi kwa Thabwa, kopindapinda, kothimbirira ndi mafuta, nthawi zina kosungidwa m'kati mwa Baibulo. Ena anakalandira kwa agogo amene ankagwira ukhukhi m'nyumba za mabwana ku Nchalo, kwa ena kanabwera ndi azakhali a ku Joni. Kathu kanadzera njira yachiwiriyi. Ubwino wa mabisiketiwa ndi woti safuna zambiri: mbaula, poto mmodzi, mthiko ndi thireyi. Mumawiritsa shuga, mkaka, majarini ndi koko, n'kuthiramo zouma, n'kudontheza pathireyi kuti zilimbe zokha.

Pakulimba pamenepo m'pamene pagona nkhani. Amene analemba kapepalako poyamba sankakhala kuno. Kwawo kamphepo ka pawindo kankakwanira kuziziritsa chakudya, ndipo kakalephera, firiji inalipo. Kuno mu Okutobala ndi Novembala, ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, chonsecho mafuta a mu chokoleti amasungunuka pa madigiri 34, ndipo marshmallow amene amathiridwamo naye sapirira kuposa pamenepo. Munthu wa m'chigwa ali ndi chinthu chimodzi chodalirika cholimbitsira bisiketi yake, ndicho shuga wowira mpaka pamlingo wake. Mwamwayi shugayo ngwa kwathu konkuno. Nzimbe zakhala zikugayidwa ku Nchalo kuyambira m'zaka za m'ma 1960.

Miyeso imene ndizitchula ndi iyi: makapu 2 a shuga, theka la kapu ya mkaka, masupuni aakulu 4 a majarini, masupuni aakulu 4 a koko, theka la kapu ya chiponde, makapu 3 a zouma, kapu imodzi ya marshmallow woduladula, ndi kamchere kotsina ndi zala. Miyeso imeneyi imatulutsa timabisiketi pafupifupi 30.

Kapepala ka makolo

Choyenera: Pitani kwa mwini wake akadali ndi mphamvu, mukaone ndi maso mmene amachitira. Kapepala kamangoti kapu ya shuga, sikanena kuti kapu iti. Azakhali anga ankayezera kapu yachitsulo yomwera tiyi, yaikulu kuposa makapu ambiri a masiku ano, ndipo zonse ankayezera yomweyo. Wina akayezera shuga kapu yaikulu, zouma n'kuyezera yaing'ono, chotuluka m'potomo si cha banja limenelo ayi. Funsani kuti moto unkakhala wotani, ankadziwa bwanji kuti zafika, ankakonda kupanga mwezi uti. Akuluakulu amadziwa zambiri zimene sanaone chifukwa chozilembera, ndipo safunsa anadya phula. Mayankhowo alembeni m'kope, kapepala kakaleko kapume.

Chosayenera: Musasinthe zinthu zitatu tsiku limodzi. Mukachepetsa majarini, n'kusintha mkaka, n'kuwonjezera mtedza, zonsezo m'poto mmodzi, zikakanika simudzadziwa cholakwa. Komanso musakatsutse apongozi pagulu kuti miyeso yawo njolakwika. Mwina inali yolondola ku Dedza kapena ku Johannesburg kumene anaiphunzirira.

Nthawi yake

Choyenera: Yatsani mbaula m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena usiku nyumba itapolako. Amene mukuphunzira kumene, yambirani mu Juni kapena Julayi, chigwa chikapumako.

Chosayenera: Musapange masana a mu Okutobala, ndiponso musapange mvula ili pakhomo. Shuga amakoka chinyezi cha mumpweya, moti bisiketi imene inalimba bwinobwino m'mawa imayamba kumata m'manja pofika madzulo. Chokhumudwitsa n'chakuti Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano, pamene ana amazifuna kwambiri, zimagwa m'nyengo yachinyezi yomweyo. Ngati n'kosatheka kudikira, wiritsani manyuchi mopitirirako pang'ono ndipo pangani zodya tsiku lomwelo.

Koko

Choyenera: Gulani koko weniweni wa ufa, wowawa uja, wopanda shuga. Musefeni ndi kumusakaniza ndi shuga zonse zili zouma, mkaka ubwere pambuyo. Mukatero sachita mibulu. Mtengo wake ngoboola m'thumba, ndipo chifukwa chake chilipo. Koko woposa theka wa padziko lonse amalimidwa ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana. Zokolola zitavuta kumeneko, mu 2024 mtengo unapitirira madola 10,000 pa tani, kwacha yathu ili itatsitsidwa kale mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Komabe masupuni 4 si ambiri. Chitini chimodzi chimakwanira mapoto angapo, ndipo mutha kusonkherana ndi mulamu wanu n'kugawana.

Chosayenera: Musasungunule chokoleti cha m'sitolo chodya pachokha chija poganiza kuti chikoma koposa. Kukoma chimakomadi, koma chimalimba ndi mafuta ake, ndipo mafutawo kuno salimba. Musayesenso kuti zakumwa za ufa monga Milo ndi koko. Muli kale shuga ndi mkaka, koko wake ngochepa. Ngati ndi zokhazo zimene zilipo, onjezerani masupuni, chotsaniko shuga pang'ono, koma mtundu wakuda uja musauyembekezere.

Majarini

Choyenera: Chepetsani. Mapepala ambiri ochokera kozizira amati theka la kapu. Kuno masupuni 4 akwana, pakuti chiponde nacho chikubwera ndi mafuta ake. Sankhani majarini olimba a m'pepala, monga Stork wophikira uja, chifukwa ofewa a m'kontena opaka pabuledi amakhala ndi madzi ambiri.

Chosayenera: Musalowetse mafuta ophikira ndiwo m'malo mwa majarini. Amenewo salimba ngakhale mu Juni.

Mkaka ndi madzi

Choyenera: Ng'ombe m'chigwa muno zilipo, choncho amene muli ndi kokama pafupi, tengani mkaka wa m'mawa womwewo, wowiritsa. Wa ufa nawo umagwira bwino ntchito mukausungunula m'madzi aukhondo. Madziwo alaweni kaye. Mijigo ina ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo ngati anu ndi otero, kamchere kaja musathirenso.

Chosayenera: Musagwiritse ntchito mkaka umene wayamba kusasa, ngakhale pang'ono chabe. Ukangotentha umalekana ndi madzi, ndipo shuga wanu yense apitira pomwepo.

Mtedza ndi chitowe

Choyenera: Sankhani mtedza palichero, panja powala, njere imodziimodzi. Wofota, wakuda, wobooka ndi wachuku uchoke. Wotsalawo kazingani pamoto wofatsa, fikisani kuti makoko achoke, petani, kenaka sinjani mumtondo mpaka mafuta atuluke ndipo chiponde chiyambe kumata kumusi. Mtedza wa mtundu wa CG7, wofiira uja, uli ndi mafuta ambiri ndipo chiponde chake chimafewa msanga. Chalimbana wa njere zikuluzikulu amakoma kungomuswa pakati n'kumuika m'gulu la zouma, kuti dzino lizipeza chotafuna.

Ndiye pali chitowe. Mtedza wambiri umene timagula pa Dyeratu kapena pa Nchalo umachita kutsika kuchokera kumtunda, koma chitowe ndi chathu, chimalimidwa konkuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, n'kukwera magalimoto a mavenda eni akefe osachilawa n'komwe. Sungani kambale kamodzi pokolola. Chipeteni bwino, chifukwa chimabisa mchenga, ndipo chikazingeni m'chiwaya chouma mukutakasa mpaka chiyambe kuthetheka ndi kununkhira. Pamenepo tsanulirani m'mbale ina msanga. Chikatsala m'chiwaya chotentha chimapserera n'kuwawa. Kwa ine koko amayanjana ndi chitowe kuposa mmene amayanjanirana ndi marshmallow, ndipo chitowe sichiopa dzuwa.

Chosayenera: Musadzinamize kuti moto upha chuku. Poizoni wake, amene akatswiri amati aflatoxin, satha ndi kukazinga kapena kuwiritsa. Amawononga chiwindi mwakachetechete, amatha kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo ana ndiwo ali pachiopsezo chachikulu. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usendeke mosavuta chimangoitana chuku chomwecho. N'chifukwa chake sindilimbikitsa kugula chiponde kapena nsinjiro zimene simukudziwa kuti zinasinjidwa kuchokera ku mtedza wotani. Wosinjidwa suonekanso nkhope, ndipo wogulitsa wadyera amadziwa zimenezo. Musathirenso nsinjiro zaziwisi zotendera ndiwo m'malo mwa chiponde. M'ndiwo zimapsa, muno sizipsa, ndipo chiwisi chake chimamveka.

Zouma

Choyenera: Makapu 3 aja agaweni chonchi: 2 a oats wophikira phala kapena mabisiketi a Marie ophwanya, theka la mtedza woswa, theka la chitowe. Marie aphwanyeni ndi manja kapena ndi botolo, tizidutswa titsale tooneka. Zonsezi zikhale zoyezeratu m'beseni, chiponde chili pambali, thireyi ili yopakapaka, musanaike poto pamoto. Manyuchi akafika sadikira munthu wofunafuna sefa.

Chosayenera: Musathiremo ufa wosaphika, kaya mgaiwa, kaya woyera, kaya wa tirigu, pofuna kuchulukitsa. Kumbukirani kuti uvuni palibe. Chimene mwathira poto atachoka pamoto chidyedwa momwemo. Dzira laliwisi nalo ayi. Mabisiketi okhala ndi kirimu pakati asiyeni, kirimuyo ndi mafuta enanso osungunuka.

Kuwiritsa

Choyenera: Tengani poto wokhuthala pansi, wokulirapo, chifukwa manyuchi amakwera akamawira. Makala akhale atayaka kale, ofiira, opanda lawi ndi utsi. Ikani shuga wosakaniza ndi koko uja, mkaka, majarini ndi kamchere, ndipo takasani mofatsa mpaka mthiko usiye kukhukhuluza shuga pansi. Timathovu ta m'mbali mwa poto tisakupusitseni. Kumeneko sikunakhale kuwira. Yambani kuwerenga nthawi pokhapokha poto yense akubwadamuka, pakati pomwe, osaleka ngakhale mukutakasa. Kuchokera pamenepo ndi mphindi imodzi ndi theka, mwina ziwiri.

Koma wotchi ya pafoni ndi mboni yachiwiri, pakuti mbaula sizifanana moto. Mboni yoyamba ndi kapu ya madzi ozizira a mumtsuko. Tulani poto pansi, donthezerani manyuchi pang'ono m'madzimo, dikirani kamphindi, pisani chala. Dontho likasungunuka n'kudetsa madzi, sizinafike. Bwezerani pamoto masekondi 20 ndi kuyesanso ndi madzi ena. Likakhala pansi, n'kutheka kuliumba kampira kofewa kamene kakuphwatalala mukakatulutsa, zafika. Amene ali ndi choyezera kutentha apeza madigiri 112 mpaka 116. M'nyengo yotentha ndimakonda kampira kolimbirako, kakumtunda kwa mlingowo. Kakachita gwa, kokana kufinyika, mwapitirira.

Chimene chikuchitika m'potomo n'chosavuta kumva. Madzi a mumkaka akamatuluka ndi nthunzi, shuga amatsala wokhuthala, kutentha n'kumakwera kupitirira madigiri 100 amene madzi okha amawirira. Pozizira, shuga wokhuthalayo amabwerera kukhala timiyala tating'ono kwambiri, tosamveka palilime, ndipo timeneto ndito timamanga oats, mtedza ndi chitowe pamodzi. Timiyala ta shuga sitisungunuka ndi dzuwa la ku Ngabu. Mukasiya madzi ambiri, sitipangika mokwanira, bisiketi n'kukhala phala. Mukachotsa ambiri, timapangika msanga m'poto momwemo, zonse n'kuyoyoka. Kusiyana kwa ziwirizi nthawi zina ndi theka la mphindi.

Zikafika, poto ali pansi, thirani chiponde ndi kutakasa mpaka chilowerere, kenaka zouma zonse kamodzi.

Chosayenera: Musasiye poto kuti mukayankhe foni kapena odi wa pakhomo. Musakupize moto kuti zifulumire. Koko ndi mkaka zimapserera msanga, ndipo zikapserera musapale za pansi, tsanulirani zabwinozo mwina, chifukwa kuwawa kwa zopserera kumalowa monse. Musathire chiponde poto ali pamoto, chimakha mafuta. Ndipo pokonzekera chinkhoswe kapena ukwati, musachulukitse miyeso katatu m'poto mmodzi wamkulu. Manyuchi ambiri amawira mosiyana, ndiponso amayamba kulimba musanathe kudontheza. Pangani poto mmodzimmodzi, ngakhale zikuchedwetseni.

Malambe ndi bwemba

Choyenera: Ngati mumakonda kowawasa, wazani ufa wa malambe wosefa pamwamba pa mabisiketi atalimba kale. Umadula kutsekemera, ndipo ana a kuno saufunsa kuti n'chiyani.

Chosayenera: Musathire malambe, bwemba kapena mandimu m'manyuchi owira. Zowawasa zimaphwanya shuga kuti asathenso kupanga timiyala tija, ndiponso zimadula mkaka. Mudzadikira mpaka mawa, osalimba.

Marshmallow

Choyenera: Dziwani chimene mwagula. Marshmallow ndi shuga, madzi ndi gelatin zopuntha mpaka zitadzaza mpweya, ndipo gelatin amayamba kusungunuka kutentha kusanafike n'komwe pa kwa thupi la munthu. Paketi yogula ku Blantyre ikatsika mapiri mu minibasi ili pawindo, pofika pa Kamuzu Bridge imakhala itagwirana chibulu chimodzi. Ikulungeni pakati pa zovala m'chikwama, ndipo igwiritseni ntchito mawa lake. Dulani ndi sizasi yopaka majarini pang'ono. Pothira pali njira ziwiri. Mutha kudikira mpaka poto athe kugwirika kunja ndi dzanja, n'kusakaniza kawiri katatu kokha. Apo ayi, donthezani kaye pathireyi, mnzanu azitsatira pambuyo akudinikiza tizidutswa tiwiri pa bisiketi iliyonse. Njira yachiwiriyi ndiyo siphonya kuno.

Chosayenera: Musamuthire m'manyuchi otentha. Amasowa pomwepo, n'kusiya zonanda zokana kulimba. Musapatsenso mlendo musanawerenge paketi. Gelatin wambiri amapangidwa kuchokera ku zikopa za nkhumba, wina ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe. Ngati pakhomo pabwera Msilamu kapena wa Seventh-day Adventist, funani paketi ya chizindikiro cha halaal, kapena pangani thireyi yopanda marshmallow ndi kunena poyera kuti iyi ndi iti. Kunena zoona, marshmallow sindimuwerengera kwambiri. Amakongoletsa, ana amamukonda, koma bisiketi imaima popanda iye. Musawononge thiransipoti ya ku Blantyre chifukwa cha iyeyu.

Kudontheza

Choyenera: Fulumirani, muli ndi mphindi zochepa. Gwiritsani ntchito masupuni awiri, ina yotapira ina yokankhira, pathireyi yopaka majarini kapena patsamba la nthochi lotsuka ndi kuwamba pamoto. Zikhale zazing'ono ndi zaphwatalala. Zikuluzikulu zimachedwa kupola pakati. Mukaona kuti zikulimbira m'poto, khuthulirani zonse pathireyi, salazani ndi msana wa supuni, mudzadule ndi mpeni. Vindikirani ndi sefa kapena nsalu yopyapyala, ikani pamthunzi podutsa mphepo, ndipo zisiyeni ola lathunthu.

Chosayenera: Musaumbe ndi manja osasamba ndi sopo. Mandasi amachoka m'manja n'kulowa m'mafuta otentha. Izi zimachoka m'manja n'kulowa m'kamwa mwa mwana. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Nsanje anali mwa maboma oyambirira kukhudzidwa. Musayale panyuzipepala, inki imamatirira. Ndipo kampira koyesera m'madzi kaja musakabwezere m'poto.

Ana ndi mbaula

Choyenera: Apatseni ntchito zawo kutali ndi moto: kusankha mtedza, kuphwanya Marie, kupaka thireyi. Wina akapsa ndi manyuchi, thirirani madzi ozizira aukhondo pamalopo kwa mphindi 20, vulani mphete kapena chibangili pasanatupe, phimbani ndi nsalu yoyera, ndipo ngati bala ndi lalikulu kapena lili kumaso, kudzanja kapena pa mwana wamng'ono, thamangirani kuchipatala.

Chosayenera: Musabereke mwana kumbuyo potula poto, ndipo musalole aliyense kunyambita mthiko wongochoka kumene m'manyuchi. Manyuchi amatentha kuposa madzi owira ndipo amakakamira pakhungu. Pabala musapake mankhwala otsukira mano, dzira, majarini kapena dothi. Mwana wosakwana zaka 4 musamupatse mtedza wosasinja kapena marshmallow wathunthu, zimatsamwitsa.

Kusunga

Choyenera: Zikalimba, ikani m'chitini kapena m'kontena yotseka bwino, pepala loyera pakati pa mizere. Chitinicho chikhale m'mbale ya madzi pang'ono, chifukwa nyerere za kuno sizichedwa kumva uthenga. Pozizira m'nyumba zambiri ndi pansi, pafupi ndi mtsuko wa madzi akumwa. Amene mukufuna kuposa apo, ikani chitini chotseka mumphika wadothi, mphikawo muuike mu wina wokulirapo, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa. Madzi akamauma amachotsa kutentha. Njira imeneyi imagwira bwino m'chilimwe mpweya uli wouma. M'dzinja siithandiza kwenikweni. M'nyengo yotentha zidyedwe pasanathe masiku atatu.

Chosayenera: Musadalire firiji kuti ikonze zimene poto walakwitsa. Bisiketi yolimba ndi firiji yokha imafewa ikangofika patebulo, ndipo imachita thukuta. Magetsi nawo ali ndi mbiri yake: namondwe Ana atawononga damu la Kapichira konkuno ku Chikwawa mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene muli ndi firiji, ikanimo zili m'kontena yotseka, ndipo potulutsa dikirani kontenayo ifunde musanatsegule. Musatsekere zikadali zofunda, ndipo musasunge pafupi ndi usipa, sopo kapena parafini. Mafuta amakoka fungo.

Zikakanika

Choyenera: Zofewa ziumbeni timipira ndi supuni, n'kuzigubuduza mu chitowe chokazinga kapena mtedza wosinja, zimadyeka bwino lomwe. Zoyoyoka zisungeni m'botolo, muziwaza paphala la ana m'malo mwa shuga. Lembani m'kope muja kuti munawiritsa nthawi yaitali bwanji ndi kuti kunja kunali kotani.

Chosayenera: Musabwezere pamoto zitasakanizidwa kale ndi zouma. Zimangopserera.

Kudya ndi kugulitsa

Choyenera: Werengani shuga. Makapu 2 ndi magalamu pafupifupi 400. Mukagawa pa timabisiketi 30, kalikonse kali ndi magalamu 13, ndiwo masupuni aang'ono atatu, osawerengera wa mu Marie ndi marshmallow. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asamapitirire magalamu pafupifupi 50 patsiku, mwana ocheperapo. Choncho kamodzi kapena tiwiri, atatha kudya nsima, kenaka madzi ndi mswachi. Agogo a matenda a shuga apatseni mtedza ndi chitowe chokazinga paokha, asakhale chongoyang'ana.

Ofuna kugulitsa pasukulu kapena padepoti, pangani zopanda marshmallow, zolimbirako, za chitowe chambiri. Ikani m'ndowa yotseka yoonekera, tapani ndi supuni kapena chopanira, khalani pamthunzi, ndipo tengani zokwana kutha dzuwa lisanafike pamutu. Uzani wogula kuti muli mtedza ndi chitowe, pakuti alipo anthu amene thupi lawo limadana nazo mpaka kutupa ndi kubanika. Mukafuna kufika poika m'mapaketi a dzina lanu m'masitolo, yambani mwafunsa a Malawi Bureau of Standards.

Chosayenera: Musamauze anthu kuti ndi chakudya chopatsa thanzi chifukwa choti shuga wa m'dziko muno amathiridwa vitamini A, switi ndi switi. Musamange m'timajumbo topyapyala, malamulo amatiletsa, ndiponso padzuwa timachititsa thukuta mabisiketi. Musasakanize zotsala dzulo ndi za lero. Ndipo musaike mtengo poyang'ana wa mnzanu wa zitumbuwa. Iye ufa ndi nthochi wazipeza pafupi. Inu koko, oats ndi majarini mwagula kusitolo. Werengerani zonse, makala ndi sopo yemwe, gawani pa 30, muone ngati mwana wa sukulu angakwanitse mtengo umene watulukawo. Ngati sangakwanitse, pangirani a pakhomo panu okha, geni ikhale ya zitumbuwa.